Dzanzi la m'dzanja la telala: opaleshoni ya carpal tunnel pa munthu amene ankadwala khate

Ndine clinical officer wa za mafupa pa chipatala china cha boma m'chigawo cha kummwera. Nkhaniyi ndailemba mwiniwake atavomera, ndipo dzina lake, mudzi wake ndi zipatala zimene anapitako ndazisiya dala. Ndikulembera makamaka anzanga amene timaona odwala ku OPD, komwe timaonera odwala osagonekedwa, poti mawu akuti "dzanzi" timawamva tsiku ndi tsiku mpaka tinaleka kufunsa kuti dzanzilo lili pati.

Wodwala ndi dandaulo lake

Ndi bambo wa zaka 41, kwawo ku Mangochi, telala. Anakhala ku Johannesburg zaka 9 akusoka makatani pa kampani ina yaing'ono. Amagwiritsa ntchito dzanja lamanja. Fodya sasuta, mowa samwa. Anabwera ndi buku la kuchipatala latsopano komanso envelopu ya khaki yotha m'mbali, momwe munali mapepala a ku Joni.

"Adokotala, dzanjali anandipanga opaleshoni koma dzanzi silinathe. Panopa ndiye zala zayamba kupindika."

Dzanzi linayamba miyezi pafupifupi 13 asanafike kwa ine. Poyamba linkabwera n'kumachoka, kenako linakhazikika. Nthawi zina ankamva ngati magetsi akuyenda kuchokera pachigongono kutsikira kuzala. Singano inayamba kumupulumuka. Abwana ake, munthu wachifundo ndithu malinga ndi mmene bamboyo amasimbira, anamutumiza kwa dokotala, ndipo dokotalayo atangomva kuti ndi telala wogwira sizasi tsiku lonse ananena kuti ndi carpal tunnel syndrome, vuto la mtsempha wopanikizika polumikizira dzanja ndi mkono. Anamupatsa chomangira dzanja usiku ndi mankhwala opha ululu. Sizinathandize. Anamuyeza ndi makina a nerve conduction study, oyeza mmene uthenga ukuyendera m'mitsempha, ndipo lipoti lake, lomwe ndaliwerenga kangapo konse, likunena kuti uthenga ukuyenda mochedwerako pang'ono mu mtsempha wa median polumikizira dzanja ndi mkono. Za mtsempha wa ulnar pachigongono lipotilo silinena kanthu. Pa mwezi wachisanu ndi chimodzi chiyambire dzanzi anamuchita opaleshoni, abwana aja atalipira.

Bala linapola bwino. Dzanzi linakhalabe pomwe linali. Atabwerera kukadandaula anauzidwa kuti mtsempha umachedwa kudzuka, adikire miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Anadikiradi. Ali mkati modikira, dzanja linayamba kufooka, mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala unayamba kuphwa, ndipo zala ziwiri zakumapeto zinayamba kupindika. Ntchito inamukanika, anabwerera kumudzi.

Ulendo woyamba: pomwe ine ndinalakwitsa

Tsiku limenelo linali Lolemba, benchi itadzaza ndi anthu a mapulasitala. Ndinawerenga mapepala a ku Joni ndisanamuyang'ane munthuyo, ndipo apa m'pamene panagona vuto. Pepala lotayipa bwino, lokhala ndi manambala ndi mizere ya makina omwe ife kuno tilibe, limakuchititsa manyazi kulitsutsa. Ndinatembenuza dzanja, ndinaona chipsera chooneka bwino pachikhatho, ndinaona zala zopindikazo, n'kuganiza kuti mwina dzanja linangouma chifukwa chokhalitsa osaligwiritsa ntchito. Ndinayezetsa shuga, anali bwinobwino. HIV analibe. Ndinalemba vitamin B complex ndi ibuprofen, n'kumutumiza kwa a physiotherapy. Malaya sindinamuvule. Chigongono sindinachikhudze. Mphindi zisanu sizinakwane.

Patadutsa milungu isanu anabweranso, ulendo uno ndi akazi awo. Pa kachala kotsiriza ndi m'mbali mwa chikhatho panali thuza lalikulu lophulika. Mayiwo ndi amene anafotokoza. Bambo ankasita malaya ndi simbi ya makala, ndipo mayi ali pakhonde anamva fungo la chinthu chopserera. Atalowa anapeza m'mbali mwa dzanja mwatsamira simbi, mwiniwake akungoyang'ana kolala ya malaya, osamva kanthu. Anawonjezeranso kuti kwa milungu itatu bambo akudandaula kuti dzanzi layamba ku dzanja lamanzere.

Munthu wa carpal tunnel amadzuka usiku n'kumakutumula dzanja chifukwa cha kunyerenyetsa ndi kupweteka. Koma kupsa mpaka kutuluka thuza osadziwa, m'mbali mwa dzanja momwe mtsempha wa median sufikako n'komwe, imeneyo ndi nkhani ina. Ndinatseka chitseko n'kuyambiranso ngati sindinamuonepo.

Kupima kwachiwiri

Ndinayamba ndi funso limene likanayenera kufunsidwa ku Joni, ndiponso ndi ine pa ulendo woyamba.

"Bambo, tandilozereni ndi chala chinachi malo enieni amene munayamba kumva dzanzi."

Anagwira kachala kotsiriza, kenako chala cha mphete, n'kutsetsereka m'mbali mwa chikhatho mpaka kuseri kwa dzanja.

"Nanga chala chachikuluchi ndi chamkombaphala?"

"Izi zinalibe vuto, adokotala. Zangoyamba kulemera posachedwapa."

"Ku Joni munawauza zimenezi?"

"Anandifunsa ngati dzanja limachita dzanzi, ndinati eya. Chizungu changa n'chogulira buledi."

Kwa amene sagwira ntchito ya chipatala ndifotokoze pang'ono, ndipo mitsempha imene ndikunena pano si ya magazi, ndi ija yonyamula uthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Carpal tunnel ndi kampata kopanikizika polumikizira dzanja ndi mkono. Pansi ndi m'mbali pali timafupa, pamwamba pali kachingwe kolimba kopingasa. M'kampatamo mumadutsa minyewa 9 yopinda zala ndi mtsempha umodzi, wa median. Mtsemphawu ndi umene umachititsa kuti timve pa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Ukapanikizika m'kampatamo dzanzi limakhala m'zala zimenezi, ndipo opaleshoni yake ndi kudula kachingwe kaja kuti mtsempha upume. Ikachitika pa munthu woyenera ndi opaleshoni yabwino kwambiri. Ndaona amayi akugona tulo koyamba patapita miyezi. Koma kachala kotsiriza ndi theka lina la chala cha mphete ndi za mtsempha wa ulnar, uja umachita ngati magetsi ukagunda chigongono pa tebulo. Mtsempha umenewu sudutsa m'kampata kaja. Ndiponso nthambi yake yopita kuseri kwa dzanja imapatuka mtsempha usanafike polumikizira, choncho dzanzi likafika kuseri kwa dzanja ndiye kuti vuto lili kumtunda, kawirikawiri pachigongono. Ungadule kachingwe kaja mwaluso chotani, kachala kotsiriza sikangadzuke.

Ndinatenga bolopeni, bamboyo atatsinzina, n'kumakhudza khungu mopepuka kuti lingobonyoka pang'ono, iye n'kumaloza pomwe wamva. Ku dzanja lamanja sanamve chilichonse pa kachala kotsiriza, theka la chala cha mphete, m'mbali mwa chikhatho ndi kuseri kwake. Pa nsonga za chala chachikulu ndi chamkombaphala ankamva koma mochedwa. Kumanzere anaphonya malo awiri pa kachala kotsiriza. Khungu la mbali yakufayo linali louma, losweka, losatuluka thukuta, pomwe mbali inayo inali yonyowa poti kunkatentha.

Mphamvu: kachala kotsiriza kakumanja sikankatha kutambasukira kumbali ndikakakankha pang'ono. Nditamupatsa pepala kuti apane pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala ine n'kumakoka, nsonga ya chala chachikulu inapindika kuti ithandizire, chomwe timati chizindikiro cha Froment. Zala ziwiri zija zinali zopindika koma ndikaziwongola zinkawongoka. Kumanzere mphamvu inali itangochepa pang'ono. Kuyesa kwa Phalen, kopinda dzanja kwa mphindi imodzi, sikunabweretse dzanzi lililonse latsopano, ngakhale kuti pa dzanja long'ambidwa kale sindikudalira kwenikweni.

Khosi ndinaliyang'ana mosamala chifukwa mtsempha wopanikizika m'khosi, kapenanso fupa lopanikiza msana weniweniwo, ndi chinthu china chimene chimavala nkhope ya carpal tunnel, ndipo kuno anthu osenza katundu pamutu ndi ambiri. Khosi linkatembenuka bwino popanda ululu wotsikira kumkono, miyendo inali ndi mphamvu, mayendedwe abwinobwino, ndipo pogogoda mawondo panalibe chachilendo. Mapazi ankamva paliponse, zomwe zinachotsa maganizo a shuga, a mowa, kapena a mankhwala monga isoniazid wa TB ndi stavudine wa HIV uja tinkapereka kale, poti dzanzi la zimenezi limayambira kumapazi, mbali zonse ziwiri.

Kenako ndinapinda chigongono chake n'kupisa chala kuseri kwa kafupa kamkati. Mtsempha wa ulnar wabwinobwino umamveka ngati kachingwe kofewa kothawathawa pansi pa chala. Uwu unali wonenepa ngati pensulo, wolimba, ndipo ndinautsatira ndi chala mpaka masentimita angapo kumtunda kwa chigongono. Nditaufinya pang'ono bamboyo anadzuma. Wakumanzere unalinso wonenepa, wopweteka kuposa wakumanja. Nditamutembenuza mutu, m'mbali mwa khosi kumunsi kwa khutu munaoneka kachingwe kotukuka pansi pa khungu, mtsempha wa great auricular, woonekera ndi maso osaukhudza.

"Bambo, tavulani malaya."

Pamsana, chakumunsi kwa phewa lamanja, panali banga lotuwa kukula kwake ngati chikhatho, m'mphepete mwake motukuka pang'ono, louma, lopanda cheya. Lina laling'ono linali m'chiuno, lachitatu pa thako. Ndinapota thonje n'kukhudza khungu labwino, analoza. Ndinakhudza pakati pa banga, anangokhala chete kudikira kuti ndiyambe.

Mayi aja anati, "Zikangazo n'zakale, adokotala. Tinkapaka mankhwala a chipere koma sizimayabwa n'komwe."

Ndinafunsa za kumudzi. Anakhala kaye chete, kenako ananena kuti analeredwa ndi amalume awo, omwe anamwalira kalekale, ndipo amalumewo zala zawo zinali zoduka, ankalandira mankhwala kwa anthu a LEPRA, bungwe lothandiza odwala khate, obwera pa njinga yamoto.

Matenda ndi chithandizo

Khate limadziwika ndi chimodzi mwa zizindikiro zitatu: banga la pakhungu losamva kukhudza, mtsempha wonenepa limodzi ndi dzanzi kapena kufooka kwa dera lake, kapena kupezeka kwa tizilombo pa slit skin smear, komwe ndi kuyeza timadzi totengedwa pocheka khungu pang'ono. Bamboyu anali ndi ziwiri zoyambazo, ndipo zonse zinapezeka ndi bolopeni, thonje ndi chala. Mnzanga wa za khungu anabwera kudzatsimikiza tsiku lomwelo. Smear sinaonetse tizilombo, zomwe sizodabwitsa pa khate la mawanga ochepa ngati ili. Tinalemba kuti ndi multibacillary, gulu lomwe kawirikawiri ndi la odwala a mawanga ambiri, ngakhale mawanga anali atatu okha, chifukwa malinga ndi ndondomeko ya WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, mitsempha ikakhudzidwa wodwala amalowa gulu limeneli. Kulumala tinalemba grade 2, poti kunali koonekera ndi maso.

Anayamba MDT, mankhwala atatu ophatikiza ochiza khate, ya miyezi 12. Kamodzi pamwezi, pamaso pa wachipatala, rifampicin 600 mg, clofazimine 300 mg ndi dapsone 100 mg. Masiku ena onse kunyumba clofazimine 50 mg ndi dapsone 100 mg. Mankhwalawa ndi aulere. Tinamuchenjezeratu kuti mkodzo udzafiira tsiku la rifampicin ndipo khungu lidzada chifukwa cha clofazimine, poti odwala ambiri amasiyira pomwepo anthu akayamba kufunsa.

Koma MDT imapha tizilombo, situpula mtsempha. Chimene chimawononga mtsempha ndi kutupa kobwera pamene thupi likulimbana ndi tizilomboto, ndipo mankhwala ake ndi prednisolone. Lamulo lomwe tonse tinaphunzira ndi lakuti mtsempha umene wafooka kwa miyezi yosapitirira 6 uli ndi mwayi wobwerera. Kupitirira apo mwayi umachepa kwambiri. Dzanja lamanzere linali ndi milungu itatu yokha. Lamanja, dzanzi linali litapitirira chaka, kufooka kuli cha m'malire mwenimweni. Titaona kuti alibe zizindikiro za TB, BP ndi shuga zili bwino, tinamupatsa albendazole wa njoka za m'mimba n'kuyamba prednisolone 40 mg patsiku, kumatsitsa pang'onopang'ono. Titafika pa 15 mg ululu wa pachigongono chamanzere unabwerera, tinakwezanso, moti zonse zinatenga milungu 20. Chigongono tinachipumitsa ndi kansalu kokoleka m'khosi masiku oyambawo.

Chovuta kuposa mankhwala chinali kutchula dzina la matendawo. Nditati "khate", mayi aja anasuntha pang'ono pa benchi, mwina osadziwa n'komwe kuti asuntha. Funso lawo loyamba linali la mbale ndi makapu. Ndinawauza kuti palibe chopatula: matendawa amafala kudzera m'mpweya wa m'mphuno ndi m'kamwa pokhala limodzi nthawi yaitali ndi munthu amene sanayambe mankhwala, anthu ambiri thupi lawo limawakana, ndipo munthu akayamba MDT amaleka kupatsira ena. Bambo sanafunse za kuchira. Anati, "Ndiye opaleshoni ija inali ya chiyani?"

Kukambirana

Funso limenelo ndi loyenera kuliyankha mosabisa. Dokotala wa ku Joni sanang'ambe molakwika. Chipseracho n'chaukhondo kuposa zambiri zanga. Lipoti la makina nalonso silinaname. Khate limakonda mitsempha yodutsa pafupi ndi khungu, malo ozizira, ndipo median polumikizira dzanja ndi amodzi mwa malo amenewo, kotero n'kutheka kuti kuchedwa kumene makina anaona kunali khate lomwelo likuyamba kugwira mtsempha wachiwiri. Komanso anthu ena abwinobwino, opanda dandaulo lililonse, makinawa amawapeza ndi kuchedwa pang'ono kotere. Makina anayankha funso limene anafunsidwa. Amene anatumiza wodwala analemba kale carpal tunnel pa fomu, woyeza anayeza carpal tunnel, wong'amba analandira mapepala awiri ogwirizana. Ine ndinalandira atatu. Aliyense mwa ife anakhulupirira amene anamutsogolera, ndipo ntchito ya utelala inatipatsa tonse chifukwa chomveka choti tisafunsenso.

Sindikunena kuti mtsempha wa munthu wa khate sung'ambidwa. Nthawi zina madokotala amamasula mtsempha wotupa ngati prednisolone walephera kapena muli mafinya. Koma zimenezo zimachitika matenda akudziwika, pa mtsempha umene wadwalawo, wodwala ali pa mankhwala. Apa unamasulidwa mtsempha wina, pa malo ena, tizilombo tikupitiriza ntchito yake.

Choipa chachikulu cha opaleshoniyi si bala, kapena ndalama za abwana. Ndi mawu aja akuti dikirani. Opaleshoni ikachitika, dzanzi lotsala limapeza dzina latsopano, limakhala "kuchira pang'onopang'ono", ndipo palibe amene amafufuzanso. Miyezi imene bamboyu anakhala akudikira kuti mtsempha udzuke ndi yomweyo imene mphamvu ya dzanja inkathera, ndipo ndi yomweyo imene prednisolone akanagwira ntchito. Pa miyeziyo milungu isanu ndi yanga.

Dokotala wa ku South Africa ndingamumvetse, khate kumeneko ndi losowa ndipo ambiri amamaliza maphunziro osalionapo. Ife a kuno tilibe pothawira. Dziko lino linafika pa mlingo wa WHO wothetsa khate ngati vuto lalikulu la zaumoyo mu 1994, kutanthauza odwala osakwana mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Mawu akuti "kuthetsa" anatipusitsa. Anthu anamva kuti khate linatha, akatswiri amene ankayenda m'midzi kugwira zigongono anapuma ntchito, ndipo ife obwera pambuyo tinaliphunzira ngati mbiri yakale, limodzi ndi dzina la Hansen amene anapeza kachilombo ka khate ku Bergen, ku Norway, mu 1873 ndi kafukufuku amene LEPRA inayambitsa ku Chilumba, m'boma la Karonga, mu 1979. Koma odwala atsopano akupezekabe chaka chilichonse, makamaka m'maboma a m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire, ndipo ena amafika atalumala kale. Kachilombo ka Mycobacterium leprae kamaswana mochedwa zedi. Zizindikiro zimatenga zaka zisanu, nthawi zina mpaka 20. Munthu atha kutenga matenda ku Mangochi ali mnyamata n'kukawaonetsera ku Johannesburg kapena ku Leeds, ku England, ali ndi imvi. Ndipo pali mtundu wina wa khate wogwira mitsempha yokha popanda banga ngakhale limodzi. Bamboyu tinachita mwayi kuti anali ndi mawanga. Akanapanda, chala cha pachigongono chokha ndi chimene chikanatiuza.

Chiyambire nkhaniyi, aliyense wobwera ndi dzanzi la m'manja ndimamuuza aloze zala zenizeni, ndimayerekeza kachala kotsiriza ndi chamkombaphala, ndimagwira zigongono zonse ziwiri, ndimaona khosi, mapazi ndi mayendedwe, ndipo ndimavula malaya. Ndinadziyesa ndi wotchi: mphindi zinayi. Mwa amene ndawaona chotero ambiri alibe khate ayi. Ena ndi carpal tunnel yeniyeni, makamaka amayi oyembekezera ndi odwala shuga, ndipo oyembekezerawo ambiri amachira okha akabereka.

Zotsatira

Pa mwezi wachitatu dzanja lamanzere linali litabwerera lonse, kumva ndi mphamvu yomwe. Nsonga za chala chachikulu ndi chamkombaphala chakumanja zinayambanso kumva bwino. Kachala kotsiriza kakumanja ndi m'mbali mwa chikhatho sizinadzuke mpaka lero. Mphamvu inabwerera pang'ono, yokwanira kupana nsalu koma osati kudula ndi sizasi nthawi yaitali, ndipo zala ziwiri zija zikadali zopindika.

A physiotherapy anamuphunzitsa kuviika dzanja m'madzi tsiku lililonse, kupala zikang'a zouma, kupaka Vaseline ndi kuwongola zala kuti mfundo zisaume. Simbi anaisiyira mwana wawo wamkulu. Kapu ya tiyi amagwira ndi lamanzere. Madzulo alionse amayang'ana dzanjalo ngati la mwana, kufuna bala limene sanalimve. Wamaliza mapaketi onse 12 a MDT, khungu layamba kuyera, ndipo wabwereka makina opalasa ndi phazi, akusoka mayunifolomu a sukulu pa khonde la sitolo ina. Akakhala miyezi ina isanu ndi umodzi popanda kutupa kwa mitsempha tidzamutumiza ku chipatala chachikulu kuti akaone ngati angasunthe mnyewa wina kuti uwongole zalazo. Nditamuuza anaseka, anati opaleshoni yachiwiriyi ayambe waiganizira.

Akazi awo ndi ana atatu tinawapima thupi lonse, palibe amene ali ndi banga kapena mtsempha wonenepa, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lawo aziwaona chaka chilichonse. Dokotala wa ku Joni ndinamulembera kalata yaulemu yofotokoza zomwe tinapeza, ndinaikamo ndi kulakwitsa kwanga.

Chatsala ndi amuna anayi amene bamboyu ankagona nawo chipinda chimodzi ku Johannesburg kwa zaka zambiri, onse a kwawo komweko. Ayenera kupimidwa. Amalankhula nawo pa WhatsApp sabata iliyonse, koma anawauza kuti anabwerera kumudzi chifukwa cha shuga. Ndamupempha katatu. Ulendo wathawu anati, "Adokotala, mmodzi mwa iwowo ndi mlamu wanga. Ndikamuuza lero, mawa mudzi wonse wadziwa, ndipo mayunifolomu aja palibe adzabweretsenso." Tagwirizana kuti abwere ndi mlamuyo kuno akadzafika pa tchuthi cha Disembala, ndidzamuuze ndine.